Kukacheza ku Halkidiki: momwe mungakonzere ulendo wa ku Phiri la Athos ndi kumagombe ake

Halkidiki ndi dera la kumpoto kwa dziko la Greece, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Thessaloniki. Mukayang'ana pa mapu muona mtunda utatulutsa ndomo zitatu zazitali kuloza m'nyanja ya Aegean, ndipo eni ake amazitcha miyendo. Mwendo woyamba ndi Kassandra, wachiwiri ndi Sithonia, wachitatu ndi Athos. Iwiri yoyambayo ndi ya mchenga, mahotela ndi kusambira. Wachitatuwo ndi wa amonke a mpingo wa Orthodox, omwe akhala akupemphera kumeneko kwa zaka zoposa 1,000, ndipo munthu salowako mwachisawawa.

Ulendo uwu suyambira pa tikiti ya ndege. Umayambira pa chilolezo cholowera ku Athos, ndipo zina zonse zimatsatira tsiku lomwe akupatsani.

1. Khalani pansi ndi amene mukupita nawo

Ku Athos sikulowa munthu wamkazi. Lamuloli ndi lakale, linalipo kale m'masiku a mafumu a ufumu wakale wa Byzantium, ndipo lero lili m'malamulo a dziko la Greece, moti kuliphwanya ndi mlandu. Amonke amati dera lonselo ndi munda wa Mayi Maria ndipo ulemu wonse upite kwa Mayi Maria okha. Mukhoza kukhala ndi maganizo anu pa lamuloli, ndipo anthu ambiri ku Ulaya amalitsutsa, koma padoko palibe kukambirana.

Choncho ngati mukupita ngati banja, nkhaniyi ikambeni mukadali kunyumba. Si bwino bambo kulowa m'boti masiku anayi, mayi n'kutsala m'chipinda cha hotela opanda chochita m'dziko lachilendo. Pali zambiri zoti mayi aone, monga ndifotokozera kutsogoloku, koma zimafunika kuziika m'dongosolo ndi ndalama zake. Mnyamata wosakwana zaka 18 amalowa pokhapokha ali ndi bambo ake.

Sankhaninso nyengo. Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi yotentha kwambiri, magombe amadzaza ndipo mitengo ya zipinda imakwera. Juni ndi Sepitembala ndiyo yabwino: nyanja imakhala yofunda bwino, anthu ochepa. Kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka Epulo mahotela ambiri a m'mbali mwa nyanja amatseka, ngakhale amonke amalandira alendo chaka chonse.

2. Pemphani chilolezo cha Athos miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi nthawi isanakwane

Athos ali m'dziko la Greece koma amadzilamulira yekha. Kuli nyumba zazikulu za amonke 20, likulu lake ndi mudzi wa Karyes, ndipo pa zauzimu ali pansi pa Patriarch wa ku Constantinople, mtsogoleri wamkulu mu mpingo wa Orthodox. Chilolezo cholowera chimatchedwa diamonitirion. Dzinali liloweni pamtima, chifukwa ndilo mudzafunsidwa paliponse.

Ofesi ya amwendamnjira a ku Athos ili ku Thessaloniki, ndipo pa tsiku imapereka zilolezo 100 kwa a mpingo wa Orthodox ndi 10 zokha kwa a mipingo ina. Apa ndi pomwe pali vuto kwa ambiri a ife, Akatolika, a CCAP, a Anglican ndi ena: malo khumi okha pa tsiku, ofunidwa ndi anthu a dziko lonse lapansi. N'chifukwa chake muyenera kufulumira. Aimbireni foni kapena alembereni imelo, tchulani tsiku lomwe mukufuna kulowa ndi masiku ena awiri kapena atatu omwe mungalole ngati loyambalo ladzaza. Adzafuna chithunzi cha tsamba la pasipoti yanu. Nenani mpingo wanu moona. Ngati ndinu wa Orthodox, monga abale athu a ku Malawi ndi Zambia omwe ali pansi pa Patriarch wa ku Alexandria, khalani ndi chikalata chanu cha ubatizo. Ansembe ndi abusa amafunikanso chilolezo china chochokera kwa Patriarch wa ku Constantinople, ndiye iwo ayambe msanga kuposa ena onse.

Chilolezocho chimakhala cha masiku anayi, kugona katatu. Pepala lenilenilo simulilandira pa imelo. Mudzalitenga ku Ouranoupoli, komwe maboti opita ku Athos amanyamukira, m'mawa wa tsiku lolowa, mutaonetsa pasipoti ndi kulipira ma euro makumi angapo. Kukatsala milungu iwiri, aimbireninso kutsimikiza kuti mukubwera.

3. Pezani pogona ku nyumba za amonke

Chilolezo chimakulowetsani m'dera, koma sichikupatsani bedi. Nyumba iliyonse muyenera kuipempha payokha, ndipo kawirikawiri mlendo amagona usiku umodzi pa nyumba imodzi. Foni zawo amayankha maola ochepa a m'mawa, ndiye musafooke ikangolira osayankhidwa. Kugona ndi kudya n'kwaulere. Mlendo wa ulemu amasiya kangachepe m'bokosi la zopereka kapena kugula kanthu m'kasitolo ka amonke.

Musafune kuona zonse. Nyumba zitatu zoyandikana n'zokwanira. Kumadzulo chakum'mwera kuli Simonopetra, yomangidwa pamwamba pa thanthwe lalitali loyang'ana m'nyanja, makonde ake amatabwa atalendewera m'malere. Pafupi pake pali Grigoriou ndi Dionysiou, zomwe mungayende pansi kuchoka pa ina kufika pa inzake. Grigoriou ili ndi ubale ndi chigawo chathu cha Africa: mmonke wake, Bambo Cosmas, anakatumikira ku Kolwezi m'dziko la Congo, kufupi ndi Zambia, mpaka pomwe anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1989. Kum'mawa kuli Iviron, Stavronikita ndi Vatopedi. Yakale kuposa zonse ndi Great Lavra, yomwe Athanasius woyera anaiyambitsa m'chaka cha 963, koma ili kutali kunsonga ndipo imadya nthawi yambiri ya ulendo. Si nyumba zonse zili za Agiriki: Hilandar ndi ya anthu a ku Serbia, Zografou ya a ku Bulgaria, Saint Panteleimon ya a ku Russia.

Kwa wopita koyamba, ine ndingasankhe Iviron, Stavronikita ndi imodzi ya kumadzulo. Kanjira ka pakati pa ziwiri zoyambazo kamatsata gombe, n'ka pafupifupi ola limodzi, ndipo sikafuna munthu wozolowera mapiri.

4. Viza, inshuwalansi ndi ndege

Tsiku lolowera likadziwika, pitani ku za viza. Greece ili m'gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, lotchedwa Schengen, ndipo wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen. Ngakhale okhala ku Britain, ngati pasipoti yawo ndi ya kwathu, amafunikabe viza chifukwa Britain sili m'gululi. Munthu wamkulu amalipira ma euro 90. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo ikhalebe yogwira ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke. Inshuwalansi ya zaumoyo ikhale yofika ma euro 30,000. Mudzaonetsanso sitetimenti ya kubanki, kalata ya kuntchito, ndi umboni wa komwe mukagona usiku uliwonse. Pa masiku a ku Athos, sindikizani maimelo a ofesi ija ndi a amonke, muwaphatikize. Mukhoza kupempha viza kukatsala miyezi isanu ndi umodzi. Musadikire mwezi womaliza, makamaka ngati ofesi ya kazembe yoona za Greece ili m'dziko lina ndipo mufunika kupitako nokha kukadinda zala.

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena Blantyre yolunjika ku Greece. Mudzadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako Athens kapena Istanbul, n'kukatera ku Thessaloniki. Konzani kuti mukafike kukadali masiku awiri tsiku lolowa lisanakwane. Ndege ikachedwa n'kuphonya tsiku lanu, chilolezo chija chapita.

Ikaninso Athos kumayambiriro kwa ulendo, magombe kumapeto. Nyanja ikakwiya maboti sayenda, ndipo munthu akhoza kutsekeredwa kwa amonke tsiku lina lowonjezera. Zikatero ndi bwino kutaya tsiku losambira kusiyana ndi kutaya ndege yobwerera kwanu.

5. Kuchoka ku Thessaloniki kufika ku Ouranoupoli

Mabasi opita ku Halkidiki ali ndi depoti yawoyawo kum'mawa kwa mzinda, yotchedwa KTEL Halkidikis. Musaisokoneze ndi depoti yaikulu ya mabasi opita ku Athens, yomwe ili mbali ina ya mzinda. Basi ya ku Ouranoupoli imayenda maola awiri ndi theka kapena atatu. Pitani dzulo lake mukagone komweko. Ndi kamudzi kakang'ono ka padoko, komwe chimaonekera patali ndi nsanja yakale ya miyala ili m'mphepete mwa madzi.

M'mawa lawirirani ku ofesi ya zilolezo, chifukwa pamakhala mzere. Mukatenga pepala lanu, gulani tikiti ya boti. Boti lalikulu limanyamuka cha m'ma 9:45 kupita ku Dafni, doko lalikulu la Athos, ndipo pokwera amaona pasipoti ndi chilolezo. Amene anakwerapo Ilala sadzaona chachilendo: boti limaima pa madoko ang'onoang'ono a nyumba za amonke, kutsitsa anthu, matumba a ufa ndi katundu womangira, n'kupitirira. Khalani pamwamba, mbali ya kumanzere, kuti muone nyumba za Docheiariou, Xenophontos ndi madenga obiriwira a Saint Panteleimon zikutulukira imodziimodzi. Pa Dafni pamakhala basi yokwera ku Karyes, ndi boti laling'ono lopitirira kum'mwera. Mukafika ku Karyes lowani m'tchalitchi cha Protaton, chakale kwambiri, musanakwere minibasi yopita ku nyumba yanu yoyamba.

Nyamulani kachikwama kakumbuyo kokha. Sutikesi isiyeni ku hotela. M'kachikwamamo mukhale mathalauza aatali, malaya a manja aatali, nsapato zolimba, juzi, tochi, botolo la madzi, mankhwala anu, ndalama za m'manja ndi kachakudya kouma monga mtedza ndi mabisiketi. Kabudula musamutenge n'komwe.

6. Mukalowa pachipata

Funsani komwe kuli archontariki, nyumba ya alendo. Mmonke woyang'anira alendo adzaona chilolezo chanu, mudzalemba dzina m'buku, kenako adzabwera ndi thileyi. Pathileyipo pamakhala tambula ya madzi ozizira, kakapu ka khofi wakuda, kagalasi kakang'ono ka tsipouro, mowa waukali wa mphesa, ndi kachidutswa ka loukoumi kofewa kopakidwa shuga woyera yemwe amakakamira kuzala. Ngati simumwa mowa, kagalasiko kasiyeni pomwepo, palibe adzakhumudwe. Mudzaonetsedwa bedi lanu m'chipinda chogona anthu angapo, ndipo adzakuuzani nthawi ya mapemphero ndi ya chakudya.

Pa nthawi pamenepa mvetserani bwino. Nyumba zambiri zimawerenga maola kuyambira polowa dzuwa, ndiye wotchi ya pakhoma sigwirizana ndi ya pamkono panu. Funsani kuti akuuzeni pa nthawi ya dziko. Kalendala yawonso ndi yakale ya Julian, yotsalira masiku 13, moti chikondwerero chachikulu cha Mayi Maria chomwe Greece yense amachita pa 15 Ogasiti, ku Athos chimagwa pa 28 Ogasiti. Dzuwa likalowa zipata zimatsekedwa, ndipo wochedwa amagona panja. Poyenda pansi werengerani zimenezi.

Chakudya chimadyedwa kawiri pa tsiku, ndipo masiku osala, omwe ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, chimachepa kwambiri. Nyama sadya. Patebulo mudzapeza buledi, nyemba kapena mphodza, ndiwo zamasamba, maolivi, chipatso, nthawi zina vinyo, ndipo nsomba pa masiku a chikondwerero. Palibe kucheza. Mmonke mmodzi amawerenga mokweza mbiri za oyera mtima, ena onse akudya mwakachetechete, ndipo mkulu wa nyumba akaliza kabelu chakudya chatha, kaya mbale yanu ikadali yodzaza. Idyani mosazengereza.

Chomwe mwapitira kwenikweni chimayamba usiku. Cha m'ma 3 kapena 4 koloko mudzamva mmonke akuzungulira bwalo, akugogoda thabwa lalitali ndi kanyundo, kuyamba pang'onopang'ono kenako mofulumira. Dzukani. Ndikudziwa kuti thupi limakhala litatopa ndi mapiri, koma amene wagona nthawi imeneyi waona makoma okha. M'tchalitchi mulibe magetsi oyaka, muli makandulo ochepa ndi nyale za mafuta patsogolo pa zithunzi zopatulika. Amonke ovala zakuda amaima m'mipando yaitali yotsamira khoma, fungo la lubani lili ponseponse, ndipo kuimba kumachoka mbali ina kuyankhidwa mbali ina popanda chida chilichonse, mpaka mawindo a pamwamba atayamba kuyera. Simudzamva Chigiriki chawo, koma mudzazindikira Kyrie eleison, kutanthauza kuti Ambuye mutichitire chifundo, ndipo mukhoza kupemphera m'Chichewa chanu mumtima.

Ngati si inu wa Orthodox, musapite kukalandira mgonero. M'nyumba zina adzakupemphani kuima m'chipinda cha kumbuyo kwa tchalitchi, mwinanso kudya ena atatha. Musazitenge ngati chipongwe, ndi mwambo wawo kwa onse osakhala a mpingo wawo, kaya ndi azungu kaya ndi ife. Mmonke mumamupatsa moni ponena kuti "Evlogeite" (dalitsani), iye n'kuyankha "O Kyrios" (Ambuye). Musajambule mmonke musanapemphe, musajambule m'tchalitchi, ndipo vidiyo ndi yoletsedwa. Kusambira n'koletsedwanso, ngakhale madzi a pansi pa matanthwewo akhale okopa bwanji. Kuimba mluzu, kuseka mokweza ndi kuyankhula pafoni pabwalo, zonsezi zisiyeni. Pobwerera, pa Dafni amatha kusecha zikwama pofuna kuteteza zinthu zakale za m'nyumbazi.

7. Za amayi ndi onse omwe sanapeze chilolezo

Kuchokera ku Ouranoupoli, komanso ku Ormos Panagias ku Sithonia, kumanyamuka maboti oyendetsa alendo m'mbali mwa gombe la kumadzulo kwa Athos. Boti lonyamula amayi limayenera kutalikira mamita 500 kuchoka kumtunda, komabe nyumba zimaoneka bwino, pamodzi ndi nsonga ya phiri yotalika mamita 2,033. Tengani chipewa, chifukwa ndi ulendo wa maola angapo padzuwa.

Pafupi ndi Ouranoupoli, kunja pang'ono kwa malire, kuli mabwinja a nyumba ya amonke ya Zygou, komwe aliyense amaloledwa kufika. Mukhoza kuyenda pansi kuchoka m'mudzi. Ku Ormylia, pakati pa Kassandra ndi Sithonia, kuli nyumba yaikulu ya masisitere yomwe ili pansi pa Simonopetra, ndipo kuimba kwawo n'kotchuka m'dziko lonse la Greece. Valani siketi yaitali ndi chovala chophimba mapewa. Chitenje m'chikwama chimathandiza kwambiri pamalo ngati awa. Funsiranitu masiku ndi maola omwe amatsegulira alendo.

Woti angopuma apite ku Ammouliani, kachilumba kokhala anthu komwe boti lake limakwerera pa Tripiti, ulendo wa mphindi zochepa. Wokonda mbiri yakale apite ku Stageira, kufupi ndi Olympiada, komwe Aristotle, katswiri wa nzeru wa Agiriki akale, anabadwira m'chaka cha 384 Yesu asanabadwe.

8. Tsopano kumagombe

Apa galimoto yobwereka ndiyo imathandiza, chifukwa mabasi amalumikiza midzi ndi Thessaloniki, osati mwendo wina ndi unzake. Tengani laisensi yoyendetsera kunja, ndipo kumbukirani kuti amayenda kumanja kwa msewu. Pamphambano ndi pozungulira m'pomwe dzanja limafuna kubwerera ku zomwe linazolowera, ndiye tsiku loyamba yendani pang'onopang'ono.

Kassandra ndiyo ili pafupi ndi mzinda, ndipo ndi ya mahotela akuluakulu ndi nyimbo za usiku, makamaka ku Kallithea ndi Hanioti. Ngati mwapitako, musaphonye Afytos, mudzi wa nyumba za miyala uli pamwamba pa phompho loyang'ana nyanja. Koma munthu amene wangotuluka kumene kwa amonke, phokoso la ku Kassandra limamulemera. Ine ndimalangiza Sithonia.

Msewu umodzi umazungulira mwendo wonsewo, pakati pa mitengo ya paini yotsetsereka mpaka kumadzi. Yambirani ku Vourvourou, komwe gombe la Karidi lili ndi madzi osaya, oyenera ana, ndipo mukhoza kubwereka kaboti ka injini kukazungulira chilumba cha Diaporos. Mukatsika kum'mwera mufika ku Kavourotrypes, timagombe ting'onoting'ono tobisika pakati pa miyala yoyera yosalala, komwe madzi ndi oyera moti mumaona mthunzi wanu pamchenga wa pansi. Kanjira kolowera ndi kafumbi ndipo poimika galimoto m'pochepa, choncho fikani 9 koloko isanakwane. Gonani ku Sarti, mudzuke m'mamawa: dzuwa limatulukira chakumbali kwa Phiri la Athos kutsidya kwa nyanja, ndipo bambo akhoza kuloza mayi komwe anali. Kenako pitirirani ku Kalamitsi, ku Porto Koufo komwe kuli doko lotsekeredwa ndi mapiri ndi malo odyera nsomba, ku Toroni, mpaka ku Neos Marmaras. Ku Nikiti gulani uchi, ndi dera la alimi a njuchi.

Madziwo ndi amchere, ndiye amaluma m'maso ndipo mukatuluka muyenera kusamba ndi madzi wamba. M'miyala mumakhala tinyama takuda ta minga, tomwe tikakubayani kuphazi mingayo imathyokera momwemo. Nsapato za pulasitiki zosambira nazo amagulitsa m'mudzi uliwonse. Mabedi a pamchenga okhala ndi maambulera si aulere: pena mumalipira, pena mumangoyenera kugula chakumwa, ndiye funsani musanakhale. Nsomba m'malo odyera amaitchaja pa kilo, choncho aikeni pasikelo muli pomwepo, mumve mtengo isanapite pamoto. Dzuwa la masana limawotcha khungu la mtundu uliwonse, mafuta oteteza musawanyoze.

9. Tina ndi tina, ndi tsiku lomaliza

Ndalama ndi euro. Mapulagi awo ndi a mano awiri ozungulira, ndiye gulani adaputa. M'zimbudzi zambiri pepala saliponya m'madzi koma m'kabini kali pambali, chifukwa mapaipi ndi aang'ono. Nambala ya ngozi ndi 112. M'chilimwe moto wa m'nkhalango ndi woopsa kwambiri, musayatse moto kapena kutaya ndudu m'mapaini. "Kalimera" m'mawa ndi "efharisto" pothokoza zimakutsegulirani nkhope za anthu.

Usiku womaliza goneranitu ku Thessaloniki, makamaka ngati ndi Lamlungu, pomwe msewu wochokera ku Halkidiki umadzaza ndi anthu a mumzinda obwerera kwawo. Panjira patukirani ku Souroti, kufupi ndi bwalo la ndege, ku nyumba ya masisitere komwe kuli manda a Paisios woyera, mmonke wa ku Athos yemwe anamwalira mu 1994 ndipo mpingo unamuika m'gulu la oyera mtima mu 2015. Kumeneko abambo ndi amayi amalowa limodzi. Satsegula tsiku lililonse, ndiye pemphani a ku hotela akuimbireni foni dzulo lake, ndipo galimoto yobwereka ija muibweze pabwalo la ndege mutachoka kumeneko.